Vinyo wa Fleurie amaoneka ngati wothira madzi, nanga akudula chifukwa chiyani?

Funso la lero lachokera kwa m'bale wathu amene amaperekera zakudya palesitilanti ina ku Cape Town. Walemba kuti: "Abwana awonjezera pamndandanda wa vinyo botolo lina lolembedwa Fleurie. Ndi lodula kuposa Shiraz wa konkuno, koma ndikathira m'galasi zala zimachita kuonekera kuseri. Kasitomala wina anandibwezera, akuti ndi wosukuluka. Wina wochokera ku France anandiuza kuti ndiviike botololo m'madzi a ayezi, chonsecho ine anandiphunzitsa kuti vinyo wofiira salowa m'firiji. Vinyo ameneyu ndi wotani, ndipo anthu ndiziwauza chiyani?"

Achimwene, pa makasitomala anu awiriwo amene ankadziwa chimene akumwa ndi wa ayeziyo. Winayo sanalakwe kunena kuti vinyoyo ndi wopepuka, kungoti iye ankayembekezera chinthu china. Munthu amene lilime lake linazolowera Shiraz kapena Cabernet Sauvignon wa ku Stellenbosch, kufupi ndi Cape Town, amaona kuti vinyo wofiira wabwino ndi wakuda bii, wolemera, woumitsa m'kamwa. Fleurie sanapangidwe kuti achite zimenezo. Kupepuka kwake ndi kwadala, ndipo kumachokera mu mtundu wa mphesa, mu kafululidwe, ndi m'dothi la kwawo.

Fleurie ndi dzina la mudzi. Uli m'dera la Beaujolais m'dziko la France, kumpoto kwa mzinda wa Lyon, kum'mwera kwa Mâcon, m'mapiri a kumadzulo kwa mtsinje wa Saône. Dera lonselo ndi lalitali makilomita pafupifupi 55, ndipo dzina lake linachokera ku tauni yakale ya Beaujeu. Anthu a ku France nthawi zambiri salemba dzina la mphesa pabotolo, amalemba dzina la malo, n'chifukwa chake simunaonepo mawu ngati Merlot kapena Pinotage. Mphesa yake ndi Gamay. Pafupifupi vinyo yense wofiira wa ku Beaujolais ndi Gamay yekhayekha, wosasakaniza.

Tiyambe ndi mphesayo. Madzi a mphesa zambiri zakuda ndi oyera, a Gamay nawonso. Kufiira kwa vinyo kumachokera m'khungu. M'khungu momwemo, ndi m'njere, ndi momwe mumachokera chija chimaumitsa chibwano ndi nkhama, chimene akatswiri amachitcha tannin. Mukachifuna kuchimva pachokha, siyani masamba a tiyi m'kapu kwa mphindi khumi, mumwe opanda mkaka ndi shuga. Cabernet Sauvignon ali ndi timphesa ting'onoting'ono takhungu lochindikala, choncho mtundu ndi tannin zimachuluka. Gamay khungu lake ndi lopyapyala, madzi ndi ambiri, ndipo amakhala ndi kuwawasira kochuluka ngakhale atapsa. Ndiye muthire bwanji, sangade ngati Shiraz. Mtundu wake umakhala wofiira mowala, nthawi zina wopita ku pepo m'mbali mwa galasi akakhala wa chaka chomwecho kapena chathachi.

Mphesa imeneyi inayamba kale kunyozedwa, kasitomala wanuyo si woyamba. Mu 1395, Philippe le Hardi, amene ankalamulira dziko la Burgundy (lero chigawo cha France, kumpoto kwa Beaujolais), analamula kuti Gamay azulidwe m'minda ya kwawo. Ankati ndi mbewu yoipa ndi yosakhulupirika. Chimene chinkamupweteka n'chakuti alimi ankaikonda chifukwa imabereka kwambiri ndipo imapsa msanga, pamene iye ankafuna Pinot Noir, mphesa yovuta kulima imene inkapatsa dziko lake ulemu. Choseketsa n'chakuti asayansi atayeza DNA ya mipesa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti Gamay ndi mwana wa Pinot yemweyo, kholo linalo ndi mphesa yoyera yotchedwa Gouais blanc. Pa nkhani ya kukoma, Philippe anali ndi mfundo pang'ono. Gamay akabzalidwa pa nthaka yachonde amachita matsango ankhaninkhani, ndipo vinyo wake amatulukadi wamadzimadzi, wowawasa, wopanda fungo. Amafuna nthaka yomumana chakudya. Nthaka yotereyi inali kum'mwera, m'mapiri a Beaujolais.

Apa ndiye pagona nkhani ya mtengo wa botolo lanulo. Dera la Beaujolais lili pawiri. Kum'mwera kwa tauni ya Villefranche-sur-Saône, kulowera ku Lyon, dothi ndi lamakande losakanikirana ndi miyala ya laimu, ndipo nyumba za kumeneko n'zomangidwa ndi miyala yachikasu, moti chigawocho amachitcha Pierres Dorées. Kumeneko ndi kumene kumachokera vinyo wambiri wolembedwa Beaujolais basi, wotsika mtengo, womwa msanga. Kumpoto zinthu n'zina. Mapiri ake ndi a mwala wa granite, ndipo mwalawo unafumbutuka n'kukhala mchenga wokhakhala wofiirira. Mukaufumbata umayoyoka pakati pa zala, sugwirana. Madzi a mvula sakhalitsamo, chakudya mulibe chokwanira, ndipo m'malo ena mukakumba pang'ono khasu lagunda kale thanthwe. Mpesa umavutika, umabereka zochepa, ndipo zochepazo zimakhala ndi fungo ndi kukoma.

Alimi a kumeneko amaonjezera kuuvutitsa mpesawo. M'minda yakale amabzala mothithikana, mpaka mitengo 10,000 pa hekitala imodzi, kuti mizu izilimbirana. Sauyanga pa mawaya ngati mmene mumaonera m'minda yambiri ya ku Paarl. Amaudulira mwaufupi, uime paokha ngati kachitsamba kofika m'mawondo, nthambi zitatu kapena zisanu zitatambasuka ngati chikho. Ku South Africa kadulidwe kameneka kaliponso, m'minda yakale ya ku Swartland. Pa mtsetse wotere ndi mitengo yotere thirakitala imavutika, choncho ntchito yambiri ndi yamanja, ndipo mphesa zambiri amathyola ndi manja kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, munthu atawerama tsiku lonse. Zonsezi zimakalowa pamtengo wa botolo.

Kumpoto komweko kuli midzi 38 imene vinyo wake amaloledwa kulembedwa Beaujolais-Villages, ndipo pamwamba pa onse pali malo khumi amene amatchedwa cru. Amenewa amalemba dzina lawo lokha, mwina mawu akuti Beaujolais osaoneka n'komwe kutsogolo kwa botolo. Ndi Saint-Amour, Juliénas, Chénas, Moulin-à-Vent, Fleurie, Chiroubles, Morgon, Régnié, Brouilly ndi Côte de Brouilly. Womaliza kulandira ulemu umenewu anali Régnié, mu 1988. Mayina amenewa ndi ofunika kuwaloweza kwa munthu wa ntchito yanu, chifukwa kasitomala akafunsa ngati muli ndi Beaujolais, mutha kuyankha kuti mulibe pamene Morgon ali pashelefu kumbuyo kwanu.

Sindingakunamizeni kuti malo khumiwa amasiyana ngati usiku ndi usana. Ena amafanana kwambiri, ndipo dzanja la wofulula limatha kubisa kusiyana kwa midzi. Koma atatu kapena anayi ali ndi khalidwe lawolawo. Fleurie wanuyo amachokera pa granite wofiirira uja, m'munsi mwa phiri limene pamwamba pake pali katchalitchi kotchedwa La Madone. Amadziwika ndi fungo la maluwa ndi kufewa m'kamwa. Chiroubles ali pamalo okwera kuposa onse, minda ina imapitirira mamita 400, kumazizira, ndipo vinyo wake ndi wopepuka kuposanso Fleurie. Morgon ndi wosiyana. Paphiri la Côte du Py mwala wake ndi wobiriwira mopita ku buluu, wofumbwa, ndipo vinyo wake ndi wakuderapo, wa mnofu, wonunkhira matcheri akuda. Moulin-à-Vent, amene anatenga dzina ku chigayo chakale choyendera mphepo chimene chikadaima mpaka lero pafupi ndi Romanèche-Thorins, ndiye wolimba kuposa onse. Awiri omalizawa amatha kusungidwa zaka zisanu mpaka khumi, ndipo akakalamba amayamba kufanana ndi Pinot Noir wa ku Burgundy. Kasitomala wokonda vinyo wolemera mukanamupatsa Moulin-à-Vent, mwina galasi silikanabwerera.

Tsopano kafululidwe, kamene kwa ine ndiko kosangalatsa kwambiri. Pafupifupi kulikonse, popanga vinyo wofiira amachotsa mphesa ku timitengo take, amaziphwanya, yisiti n'kuyamba kudya shuga m'madzimo makungu akuyandama momwemo. Ku Beaujolais mwambo wake ndi wothira matsango athunthu m'thanki, osaphwanya. Za pansi zimaphulika zokha chifukwa cha kulemera kwa zinzake, madzi ake amayamba kuwira, ndipo kuwirako kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide umene umadzaza thankiyo n'kuthamangitsa mpweya wabwino. Mphesa za pamwamba, zimene zikadali zamoyo ndi zosang'ambika, zimasowa mpweya wopuma, ndiye zimayamba kusasa mkati mwa khungu lawo, popanda yisiti. Mukatola imodzi patatha masiku angapo n'kuiluma, mupeza mnofu wake, umene unali woyera, wasanduka wofiirira, ikuthetheka pang'ono palilime, ndipo kuwawasa kwake kwachepa. Mowa umene umapangika mkatimo ndi wochepa, pafupifupi 2 peresenti, koma fungo la zipatso limene limabadwa panthawi imeneyi ndi limene anthu amalidziwa kuti ndi la Beaujolais. Kenako amazifinya. Madzi otsekemera otuluka m'chofinyiramo eni ake amawatcha paradis, ndipo ndi mwambo kuwalawa pomwepo. Akatero amawasiya kuti yisiti amalize ntchito. Njira imeneyi pa Chifalansa ndi macération semi-carbonique. Mtundu umatuluka wokwanira, koma tannin amatsalira m'makungu ndi m'njere chifukwa sanapatsidwe nthawi yosungunuka.

Kutalika kwa masiku a m'thanki ndi kumene kumasiyanitsa zambiri. Vinyo womwa msanga amakhalamo masiku anayi kapena asanu. Wa cru amatha kukhala sabata imodzi kapena ziwiri. Alipo ena, makamaka ku Moulin-à-Vent, amene amafulula ngati a ku Burgundy, kuphwanya mphesa ndi kusunga vinyo m'migolo ya matabwa, ndipo wawo amatuluka wolimba.

Ndiye mukamalawa Fleurie wanuyo muyembekezere izi. Pamphuno pafike zipatso zofiira zatsopano, sitiroberi, matcheri, ndi rasipiberi. Amene anakwerapo phiri la Zomba n'kugula timbale ta zipatso tija amagulitsa m'mbali mwa msewu alidziwa fungo limeneli. Pamwamba pake pamakhala kafungo ka maluwa, ndipo nthawi zina ka tsabola wakuda pang'ono. M'kamwa amalowa mofewa, sakanda, koma kuwawasira kwake kumadzutsa malovu, moti mukameza mumafuna kumwanso kapena kuluma kanthu. Si wotsekemera ayi. Anthu ambiri amasokoneza fungo la zipatso ndi shuga, koma shuga yense anatha kuwira. Ndipo chenjezo ndi ili, kupepuka kwa m'kamwa sikutanthauza kuti mowa ndi wochepa. Yang'anani pabotolo, mupeza 12.5 kapena 13 peresenti, ndipo zaka zotentha ngati 2015, 2018 ndi 2022 ena anafika 14. Amaledzeretsa mwakachetechete chifukwa amatsetsereka kukhosi. Chaka cha 2021 chinali chozizira, chisanu chinawononga minda mu Epulo, ndipo vinyo wa chaka chimenecho ndi wowala ndi wowawasirapo kuposa anzake.

Kasitomala wina wachikulire akadzamva dzina loti Beaujolais adzakwinya nkhope n'kunena kuti ndi vinyo wonunkha nthochi ndi chingamu. Ameneyo akukumbuka Beaujolais Nouveau. Kuyambira kale anthu a ku Lyon ankamwa vinyo watsopano wa chaka chomwecho atangotha kuwira, ndipo mu 1951 boma linaloleza kuti azigulitsidwa msanga mu Novembala. Amalonda, makamaka Georges Duboeuf amene anamwalira mu 2020, anasandutsa mwambowu chikondwerero cha dziko lonse lapansi. Kuyambira 1985 tsiku lake ndi Lachinayi lachitatu la Novembala, ndipo mabotolo amakwera ndege kupita ku London, New York ndi Tokyo. Japan ndi amene wakhala akugula kwambiri kunja kwa France. Ndalama zinalowa, koma zinawononga dzina. Alimi anayamba kuthamangira kuchuluka, ndipo ambiri ankagwiritsa ntchito yisiti wogula wotchedwa 71B amene amatulutsa fungo lamphamvu la nthochi. Anthu atatopa nazo msika unagwa, moti vinyo wambiri wa chaka cha 2001 anasowa ogula n'kukathera kotcheza. Minda yambiri inazulidwa. Dera limene linali ndi mahekitala opitirira 20,000 lero latsala ndi osakwana 15,000.

Ine Nouveau sindimuda. Ndi chakumwa cha phwando, chomwa chozizira miyezi yochepa chitatuluka, ndipo mwayi wa inu a kum'mwera kwa dziko lapansi ndi woti amafika nyengo yotentha ikuyamba. Cholakwika chinali kulola kuti dera lonse liziyezedwa ndi iye. Amene anabwezeretsa ulemu anali alimi ochepa a ku Morgon, Marcel Lapierre, Jean Foillard, Jean-Paul Thévenet ndi Guy Breton, amene m'zaka za m'ma 1980 anatsatira maphunziro a Jules Chauvet, katswiri wa sayansi ya vinyo wa ku La Chapelle-de-Guinchay. Anabwerera ku mitengo yakale, mphesa zakupsa bwino, yisiti wachilengedwe wa pakhungu la mphesa, ndi mankhwala osungira ochepa kwambiri. Zambiri za vinyo amene masiku ano mumamva akutchedwa wachilengedwe m'malesitilanti a ku Cape Town zinayambira kwa anthu amenewa. Vinyo wa mtundu umenewu nthawi zina amaoneka wambuu pang'ono, ndipo akangotsegulidwa amatha kuthetheka pang'ono. Mukamuzunguza m'galasi kapena kumuthira m'jagi zimatha. Koma akamanunkha viniga kapena khola, musamuikire kumbuyo, botololo laonongeka.

Pa nkhani ya ayezi. Lamulo loti vinyo wofiira amwedwe pa kutentha kwa m'nyumba linachokera m'nyumba zamiyala za ku Ulaya, mmene munkakhala madigiri 16 mpaka 18. Lesitilanti ya ku Cape Town mu Januwale imapitirira apo kutalitali. Vinyo wolemera amapirirako kutentha, ndipo ukamuziziritsa kwambiri tannin wake amawawa. Gamay ndi zosiyana. Alibe tannin wambiri woti kuzizira kumuwawitse, ndipo akatentha fungo la zipatso limathawa, pamatsala mowa ndi kuwawasa. Ndikukayikira kuti kasitomala wokubwezerani uja anapatsidwa galasi lofunda. Fleurie amafuna madigiri 13 kapena 14, Morgon ndi Moulin-à-Vent 15 kapena 16, Nouveau 12. Botolo lochokera pashelefu liviikeni m'ndowa ya madzi ndi ayezi kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, kenako litulutseni liime patebulo. Mukalisiya momwemo mpaka kumapeto lidzazizira ngati vinyo woyera wa Sauvignon Blanc ndipo fungo lonse lidzatsekeka. M'firiji theka la ola kapena kupitirirako pang'ono ndi lokwanira. Thirani pang'onopang'ono m'galasi kuti asafunde munthu asanamalize.

Chakudya chake si chovuta. Ku Lyon, m'timalesitilanti tawo totchedwa bouchon, amamuthira m'botolo lagalasi lochindikala pansi la masentilita 46 limene amati pot, ndipo amamwera masoseji, nyama ya nkhumba, zam'kati ndi nkhuku. Anthu a kumeneko amaseka kuti mzinda wawo umathiriridwa ndi mitsinje itatu, Rhône, Saône ndi Beaujolais. Kuwawasira kuja ndi kumene kumatsuka mafuta m'kamwa. Kwanuko ndiye kuti masoseji a boerewors, nkhuku yowotcha, bakha, pitsa, ngakhale nsomba ya snoek yowotcha pamakala, chifukwa vinyo wochepa tannin salimbana ndi nsomba ngati mmene amachitira Cabernet. Amapirira tsabola wapakatikati. Pomwe amagonja ndi pa nyama yang'ombe yochindikala yokhala ndi msuzi wolemera, kapena mchira wang'ombe wophika tsiku lonse. Munthu akaitanitsa zimenezo, mulozereni Shiraz uja ndi mtima woyera.

Choti muziwauza anthu chisakhale chachitali. Botolo lisanatsegulidwe, nenani kuti ndi vinyo wofiira wopepuka wa ku France, wa mphesa ya Gamay, wonunkhira zipatso, wosaumitsa m'kamwa, ndipo mumupereka wozizirira. Mufunseni munthuyo kuti amakonda kumwa chiyani. Akati Pinot Noir wa ku Hemel-en-Aarde kapena ku Elgin, kapena Cinsault wa ku Swartland, onsewa vinyo wofiira wopepuka wa ku South Africa, ameneyo ndi wanu, tsegulani. Akati Cabernet kapena Pinotage wolemera, muuzeni poyera kuti uyu ndi wowala kuposa zimene anazolowera, ndipo ngati abwana amalola kugulitsa pagalasi, mulawitseni kaye pang'ono. Botolo lotsegulidwa litsekeni, ligone m'firiji, ndipo lithe pasanathe masiku awiri kapena atatu. Auzeninso abwana ayang'ane chaka cha mabotolo amene anagulawo, chifukwa Fleurie wamba amakoma kwambiri m'zaka zake zitatu kapena zinayi zoyambirira.